Basi ilipo, dalaivala kulibe: intaneti ya mizele itatu ku Ndeke

Ndani mwa inu amene mwakhala mu basi iyi ali ndi SIM khadi imodzi cabe? Ngati mulipo, ndinu ocepa. Ambili a ife tili ndi ziwili, ena zitatu: iyi ya mobile money, iyo ya mabando ochipa a usiku, inayo yotumila amai kumudzi kumene netiweki zina sizifika. Palibe amene anatiitanila msonkhano kuti atiphunzitse. Tinaona tekha kuti mzele umodzi umakusiya pa njila tsiku lomwe ukuufunitsitsa.

Lacitatu sabata yatha, nzelu yomweyi ndinaipeza pansi pa tebulo m'kashopu kena ka intaneti ku Ndeke, kuno ku Kitwe. Ndinali nditacoka kukatola nkhani ina, malaiti kulibe, foni yanga ionetsa 4G koma palibe cimene cituluka, ndipo mkonzi afuna nkhani isanakwane 16:00. M'shopumo munali makompyuta anai, printa, makina a fotokope ndi mabatile awili a sola pakona. Intaneti inali kugwila bwino-bwino. Nditatumiza nkhani yanga, ndinafunsa mnyamata woyang'anila shopuyo kuti ali pa netiweki iti.

"Zonse, ba mtolankhani," anatelo akuseka. "Imene ili moyo ndiye tili nayo."

Anandionetsa kompyuta yakale yopanda sikilini, fumbi lokha-lokha, yamtundu uja umene maofesi amagulitsa akagula zatsopano. Kumbuyo kwake kunatuluka nthambo zinai. Imodzi ipita ku router ya kampani ina, yaciwili ku kamodemu ka USB ka kampani inanso, yacitatu ku foni yakale yosweka galasi imene imakhala pa chaja tsiku lonse, ndipo yacinai ndiyo igawila intaneti makompyuta a makasitomala. Mu kompyutayo mulibe Windows. Muli Linux.

Mwina mukuti iyi ni nkhani ya anyamata a makompyuta, ine ya ciani. Koma taonani kumene zinthu zapita. Mu April 2023 lamulo linalola anthu kutengako 20 pa 100 alionse a ndalama zao ku NAPSA asanapume pa nchito, ndipo pempho linali la pa intaneti. Mukumbukila mmene madala a ku migodi anadzalila m'mashopu ngati aka, NRC kumanja, kudikila kuti mwana wa eni shopu awadinile mabatani. TPIN ya ZRA, kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, ngongole ya ophunzila ku HELSB, mafomu a makoleji, zonsezi manje zidutsa pa nthambo. Boma likasamutsila ofesi pa intaneti, kashopu ka m'komboni ndiye kasanduka khomo la ofesiyo. Khomo likatsekeka cifukwa netiweki yagwa, tsiku lothela la fomu silikudikila.

Ndipo netiweki yakhala ikugwa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malo opangila magetsi a Kariba North Bank, amene mphamvu yake yonse ndi mamegawati 1,080, anatsala pang'ono kuima, ndipo pofika September caka comweco nyumba zambili zinali kukhala maola 21 pa tsiku zopanda malaiti. Matawa a mafoni naonso amadya magetsi. Ali ndi mabatile ndi majenileta, koma anaikidwa kuti azithandiza kwa maola ocepa, osati tsiku lathunthu. Makampani a mafoni eni ake anavomeleza poyela kuti kuzima kwa malaiti kwaononga netiweki. Ife a pa Kopala tinali kuona nthambo zikulu-zikulu zikudutsa pamwamba pathu kupita ku migodi, ife tikuchaja foni kwa aneba a sola.

Cinthu cacitatu ni ca caka ca 2025. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kutumiza kwaulele zokonza zacitetezo za Windows 10. Kompyuta siizima tsiku lomwelo, ai, koma mabowo atsopano amene akuba a pa intaneti apeza satsekedwanso, kupatulapo ngati walembetsa pulogilamu yoonjezela nthawi. Windows 11 ifuna kacipangizo ka citetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yaposacedwa. Kwa Intel, kuyambila m'badwo wa nambala 8, wa m'ma 2017. Pitani ku Chisokone kapena m'mashopu a makompyuta ogwilako kale nchito m'tauni, muwelenge kuti ndi angati amene afika pamenepo. Makina ambili amene ali m'masukulu, m'machalichi ndi m'mashopu a m'makomboni ndi akale kuposa apo. Eni ake ali ndi njila zitatu: kugula atsopano, kupitiliza ndi Windows yosatetezedwa, kapena kuika Linux, imene ndi yaulele ndipo imayenda bwino pa makina okalamba.

Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzila pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuiwelenga mkati ndi kuisintha. Ngati muli ndi foni ya Android m'thumba, mwanyamula Linux osadziwa, cifukwa mtima wa Android ndi womwewo. Mtimawo amaucha kernel. Mtundu wa Linux umene mnyamata wa ku Ndeke anaika ndi Ubuntu, umene unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi liu lomwe lija ife timati umunthu.

Manje apa ndiye pali nkhani ya dalaivala. Khomo lililonse limene intaneti ilowela mu kompyuta, kaya ndi pobaya nthambo, kaya Wi-Fi, kaya modemu, lili ndi khadi yake ya netiweki, ndipo pa khadipo pali kacipangizo kakang'ono kochedwa chip. Kernel payokha siidziwa kukamba ndi chip iliyonse. Ifuna kapulogilamu kodziwa chip imeneyo, ndipo kapulogilamuko dzina lake ni dalaivala, monga ba dalaivala amene akutipeleka kunyumba apa. Basi ingakhale yatsopano, mafuta odzala, kondakitala ali pakhomo. Ngati palibe woidziwa kuiyendetsa, mudzagona pa KMB.

Ine ndinaphunzila izi ndi ndalama zanga. Miyezi iwili yapitayo Wi-Fi ya laputopu yanga inafa, ndipo ndinagula ka Wi-Fi ka USB pa thebulo lina pamsika. Pa bokosi panalembedwa kuti kamagwila pa Linux. Nditafika kunyumba, zii. Ndinakabaya, ndinakazula, ndinakapemelela mpweya ngati kaseti yakale, osayaka. Ndinabwelela kwa wogulitsa, ati katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinali nako m'cikwama tsiku lija, conco ndinakapatsa mnyamatayo. Anakabaya, analemba lsusb, ndipo panatuluka dzina ndi manambala a chip. Ka Wi-Fi kanali bwino. Vuto linali lakuti opanga tuzipangizo tochipa utu amasintha chip mkati koma bokosi ndi dzina n'kusiya comweco, ndipo chip imene ine ndinagwela inalibe dalaivala mu kernel ya pa laputopu yanga.

Apa Linux isiyana ndi Windows. Pa Windows tinazolowela kuti cipangizo cibwela ndi CD kapena upita pa intaneti kukatenga dalaivala wa kampani. Pa Linux madalaivala ambili abwela kale pamodzi ndi kernel, ndipo ukangobaya cipangizo, kernel iwelenga manambala ake n'kudzutsa dalaivala woyenela. N'cifukwa cake makhadi akale a Intel ndi a Realtek, aja opezeka m'makompyuta a m'maofesi, amangogwila popanda kucita ciliconse. Nchito imeneyi inayamba kale. M'zaka zoyambilila za m'ma 1990, Donald Becker analemba madalaivala a makhadi ambili a netiweki, ndipo mu 1994, ku NASA, iye ndi Thomas Sterling analumikiza makompyuta wamba kukhala makina amodzi amphamvu ochedwa Beowulf, kompyuta iliyonse ili ndi makhadi angapo cifukwa imodzi inali yocedwa. Caka comweco ca 1994 ndiye Zamnet inayamba pa University of Zambia n'kulumikiza dziko lino ku intaneti.

Koma chip ikakhala kuti dalaivala wake sali mu kernel, wayamba ulendo. Uyenela kumutenga pa intaneti, pomwe intaneti ndiye ukuifuna. Mnyamatayo njila yake ni yapafupi: abaya foni ya Android ndi nthambo ya USB n'kuyatsa tethering, cifukwa dalaivala wa zimenezo alimo kale mu kernel, ndipo foniyo ioneka ngati khadi ina ya netiweki. Atatenga dalaivala wakunja, amamuika kudzela mu DKMS, pulogilamu imene imamumanganso nthawi iliyonse kernel ikasinthidwa. Ukaiwala zimenezo, Wi-Fi igwila lelo, sabata ya mawa makina atenga kernel yatsopano, m'mawa mwake yafanso. Makhadi ena amafunanso kafailo kena ka kampani, ka firmware, kamene kwa zaka zambili mitundu ina ya Linux inali kukana kukaphatikiza cifukwa si kaufulu. Debian inasintha maganizo pa Debian 12 mu June 2023, n'kuyamba kukaika pamodzi. Ma laputopu akale a Wi-Fi ya Broadcom akali kuvutitsa anthu mpaka lelo. Namonso mamodemu ambili a USB: ukawabaya amayamba adzionetsa ngati CD, ndipo pafunika kapulogilamu ka usb_modeswitch kuwakumbutsa kuti ndi modemu.

Pa kompyuta ya khadi imodzi, nkhani ithela pamenepo. Pa ya makhadi anai ndiye iyamba. Kale Linux inali kupatsa makhadi maina motsatila amene wayamba kudzuka: woyamba eth0, waciwili eth1. Malaiti akapita n'kubwela, makhadi angadzuke mosinthana, ndipo amene dzulo anali eth0 lelo ni eth1. Kwa kompyuta yogawa intaneti ici ni cinthu coopsa, cifukwa malamulo onse a amene aloledwa kulowa ndi amene atsekeledwa kunja amalembedwa pa maina. Maina akasinthana, geti ya kumseu yatseguka, citseko ca kucipinda ndiye cakhomedwa. Kuyambila mu 2013 mitundu yambili ya Linux inayamba kucha makhadi motsatila malo amene abayidwa mkati mwa makina, ndiye maina oipa aja ngati enp2s0 ndi enp3s0. Savomeleza lilime, koma sasintha. Mnyamatayo anamata tumapepala pa nthambo iliyonse ndi dzina lake, ndipo foni yosweka ija ndiyo imamuvuta, cifukwa mafoni ena amabwela ndi nambala yatsopano nthawi iliyonse ukawabaya, dzina n'kusintha.

Ndiyeno pali funso lakuti, misewu itatu ilipo, kompyuta idutsa uti? Msewu uliwonse umapatsidwa nambala yochedwa metric, ndipo wa nambala yocepa ndiye upambana. Pulogilamu ya NetworkManager mwacibadwa ipatsa nthambo 100, Wi-Fi 600, modemu ya SIM 700. Msampha uli apa: router ingakhale yoyaka pa batile, nthambo ili m'malo, magetsi ake akuphethila, koma kuseli kwake tawa yazima. Kompyuta iona kuti nthambo ilipo, ipitiliza kutumiza zonse mumsewu wakufa. N'cimodzi-modzi basi imene yaima pa siteshoni injini ikulila, anthu akukwela, koma kutsogolo mlatho unakokoloka. Conco pafunika cina cake cofufuza mphindi iliyonse ngati mzele ufikadi kunja, ndipo ukapanda kuyankha, cisunthile anthu ku mzele wotsatila. Ubuntu ili ndi kufufuza kwa mtundu umenewu, ndipo amene amaika OpenWrt pa ma router amagwilitsa nchito mwan3.

Ndinamufunsa cimene inunso mukanafunsa: bwanji osaphatikiza mizele yonse itatu kuti intaneti ithamange katatu? Anapukusa mutu. Anati anayesapo kugawa makasitomala pa mizele iwili nthawi imodzi. Kwa oonela mavidiyo zinali bwino. Koma kwa olemba mafomu, tsamba linali kuwatulutsa pakati pa njila, cifukwa mzele uliwonse uli ndi adilesi yake ya pa intaneti, ndipo masamba ena a mabanki ndi a maofesi akaona kuti munthu mmodzi wasintha adilesi mwadzidzidzi, amamuyesa wakuba. Kumanga makhadi awili kukhala amodzi, kumene akatswili amakucha bonding, kumagwila makhadi onse akapita ku switch imodzi m'nyumba imodzi. Sikusandutsa makampani awili kukhala kampani imodzi. Iye anasankha mzele umodzi nthawi imodzi, inayo kudikila.

Ine ndiona kuti anasankha bwino, koma pali cimene mizele itatu siingathe. Ma SIM awili a makampani osiyana angakhale akumwa pa tawa imodzi. Mu Zambia matawa ambili si a makampani a mafoni eni ake: IHS Towers inagula matawa a MTN ndi a Airtel zaka pafupi-fupi khumi zapitazo, Infratel ili ndi ena, ndipo makampani amabweleka malo pa tawa imodzi-modzi. Izi zimacepetsa mtengo, palibe wokana. Koma jenileta ya pa tawayo ikatha mafuta, ma SIM anu onse awili agona pamodzi. Kupitilila apo, dziko lathu lilibe nyanja yamcele, conco intaneti yathu idutsa m'maiko a anzathu kuti ikafike ku nthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 nthambo ziwili, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo Tanzania, Malawi ndi Mozambique anavutika masiku angapo. Starlink, imene inayamba kugwila nchito kuno mu October 2023, ndi msewu wosiyanadi cifukwa siidalila tawa ya m'komboni, koma mbale yake ndi ya ndalama zambili kwa kashopu ka makompyuta anai, ndipo nayonso ifuna magetsi.

Cimene cinandikhudza kwambili n'cakuti mtengo wa kusadalilika kwa netiweki wagwela pa wamng'ono. Mnyamata uja alipila makampani atatu mwezi uliwonse kuti apeze nchito imene kampani imodzi inamulonjeza. Mabando a mizele yodikila nthawi zina amatha nthawi yao asanagwilitsidwe nchito. ZICTA ili ndi malamulo a mmene netiweki iyenela kugwilila ndipo inalipilitsapo makampani faindi, koma faindi ipita ku boma, osati kwa mwini shopu wa ku Ndeke. Ndingakonde kuona ziwelengelo za kugwa kwa netiweki zikulengezedwa komboni ndi komboni, kuti munthu wa ku Ndeke, wa ku Wusakile kapena wa ku Chifubu adziwe mzele umene ugwiladi kwao asanagule SIM yacitatu.

Sindikuti aliyense athamangile ku Linux. Makasitomala a shopu ija amafuna Word imene anaizolowela, ndipo LibreOffice nthawi zina imasokoneza mizela ya CV yolembedwa kwina. Maprinta ena ochipa alibe dalaivala wabwino. N'cifukwa cake makompyuta awili mwa anai a makasitomala akali pa Windows 10, ndipo mnyamatayo sanasankhe cocita nao. Vuto lina ni la anthu. Iye anaphunzila izi yekha usiku pa foni, mabando akachipa. Akadwala kapena akapeza nchito ku Solwezi, palibe wina m'shopumo wodziwa kuti enp3s0 ni nthambo iti. Tili ndi Copperbelt University kuno ku Kitwe, ku Ndola kuli NORTEC ndi Zambia University College of Technology. Kosi yaifupi ya milungu yocepa, ya madzulo, ya anyamata ndi atsikana a m'mashopu awa, ingapulumutse makina ambili amene apo ayi apita ku dzala.

Kwa inu amene muli ndi laputopu yakale kunyumba ndipo mufuna kuyesa, musafafanize Windows tsiku loyamba. Linux ingayake kucoka pa fulashi osakhudza zimene zili mkati. Iyatseni conco, muone ngati Wi-Fi ndi pobaya nthambo zigwila. Lspci -k idzakuonetsani khadi iliyonse ndi dalaivala amene waigwila, ndipo pamene palibe dalaivala ndiye pali nchito. Pogula ka Wi-Fi ka USB pitani nayo laputopuyo, mukayesele pa thebulo pomwepo musanatulutse ndalama. Bokosi musalikhulupilile.

Ndisanacoke, panalowa amai ena acikulile ndi mwana wao wamkazi, envulopu ya khaki kumanja. Fomu ya koleji inali kutsekedwa tsiku lomwelo pakati pa usiku, ndipo ndalama ya fomu anali atalipila kale. Mtsikanayo anali pakati potumiza cithunzi ca satifiketi ya Giledi 12 pamene tsamba linaima. Amaiwo anagwila pacifuwa.

"Mwanangu, ndalama yanga yapita?"

"Iyai amai, khalani cabe. Iyi yagwa, manje tiloba pa inangu."

Pansi pa tebulo kanyali ka modemu kanasintha mtundu. Tsamba linamutulutsa mtsikanayo, monga mmene mnyamatayo anakambila, ndipo analowanso ndi pasiwedi yake, n'kutumiza satifiketi kaciwili. Printa inatulutsa pepala lotsimikiza, amaiwo analipinda kanai n'kuliika m'citenge. Ine ndinakakwela basi yobwelela m'tauni, ka Wi-Fi kanga kakugwila kwa nthawi yoyamba, ndipo mnyamatayo atandilembela pa lisiti dzina la dalaivala wake kuti kernel ikasintha ndidziwe cofunsa.